Muscat n'pafupi kuposa Kanengo

Mphekesera inafika pa Mtunthama ndi anyamata a kabaza: akuti atsikana onse ogwira ntchito m'nyumba za Aluya ku Oman awakweza ndege, Lachisanu atera ku Lilongwe. Kaya n'zoona kaya, komatu a kabaza sanama tsiku lililonse. A Abbasi anaimeza yonse osatafuna.

A Abbasi ndi aja a kagolosale kogulitsa ziguduli ndi ulusi wosokera mabelo a fodya. Chibadwire, kutali kumene anafikako ndi ku okushoni ku Kanengo, atakhala pamwamba pa mabelo a eni, ndipo lole yake inagona pamzere sabata yathunthu. Ndiye mwana wawo Hasina atapeza ntchito ku Muscat, akazi awo a Zubeida n'kukana kuti n'kutali, akuti makilomita zikwi zisanu, bambowa anaseka mpaka kutsokomola.

"Makilomita mudya? Ndege kunyamuka lero, mawa wafika. Ku Kanengo sabata. Kutali n'kuti pamenepa, mayi?"

Hasina anapita. Poyamba ankaimba foni, kenako timauthenga tonong'ona, kenako zii. A Zubeida anauma pang'onopang'ono ngati fodya wa m'chigafa. Anamwalira Lachinayi m'mawa, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mphekesera ija ili pakamwa pa aliyense.

Asilamu sagoneka maliro. Shehe Sufiyan anawapeza a Abbasi atakhala pa ziguduli.

"Bambo a Hasina, manda akumba kale. Tiike lero."

"Mawa. Mwana akubwera, adzasambitse mayi ake."

"Wakuuzani ndani?"

"Dziko lonse likudziwa, mwatsala inu nokha a Shehe."

"Dziko lake la a kabaza? Kutenthaku simukukuona?"

"Ndinawauza malemuwa kuti n'pafupi. Mukufuna apite akunditenga wabodza?"

Amayi osambitsa maliro anakhala pakhonde ndi ndowa zawo, madzi mpaka kufunda okha. Foni ya Hasina sinkalowa. A Abbasi anati ndiye umboni wake umenewo, m'ndege amazimitsa mafoni.

Lachisanu anakaima pamsewu, akusuzumira minibasi iliyonse yochokera ku boma. Munatsika mayi wa nkhuku. Munatsika matumba a feteleza. Munatsikanso mphunzitsi woledzera amene anawapatsa moni kawiri. Kunyumba ntchentche zinali zitayamba kusonkhana pazenera, ndipo amayi aja anasambitsa mnzawo osapemphanso chilolezo. Atatuluka ku mapemphero a Juma anthu ananyamula maliro pa jeneza, a Abbasi akutsatira kumbuyo, khosi lili chotembenukira kumsewu.

Pobwera kumanda foni inalira, nambala yachilendo. Anali mawu a Hasina, onong'ona.

"Ababa, foni anandilanda, iyi ndabwereka. Pasipoti akusungabe abwana. Amayi akupeza bwanji?"

Za ndege Hasina anali asanamveko n'komwe. Ndegeyo kunalibe.