Achemwali Anga Sanapenge

Kwathu kwa Zulu alipo anthu mpaka lero amene amanong'onezana achemwali anga akamadutsa. Ine ndikawaona, mtima umandiwira, chifukwa nkhani yonse ndinaiona ndi maso angawa.

Achemwali ndi mayi wamasiye, mlimi wa mtedza ndi chimanga, ndipo m'chilimwe amalima mpiru ndi tomato kudimba. Ine ndine mng'ono wawo, nyumba zathu zinayang'anizana. Alamu atamwalira, achemwali anakhala nthawi yaitali ngati munthu wodwala, osalankhula, osaseka. Kenaka m'mawa wina anabwera kuchokera kudimba, ndowa ili m'manja, n'kukhala pakhonde panga.

"Iwe, chandichitikira chinthu," anatero. "Ndimathirira mpiru, ndiye ndangoona kuti wothirira palibe. Madzi, dothi, mpiru, ine, mbalame za m'bango zija, zonse chinthu chimodzi. Mulungu amene ndakhala ndikumuitana ngati ali kutsidya kwa mtsinje, sanali kutsidya ayi."

Ndinawafunsa ngati mutu ukuwawa. Anaseka, kuseka koyamba chimwalirireni alamu.

Sanasinthe zambiri. Mbuzi zikalowa m'munda ankazikalipira monga kale, mavenda a mtedza ankalimbana nawo pamtengo monga kale, kutchalitchi sankajomba, ndipo Lachinayi lililonse ankavala yunifolomu yawo ya gulu la amayi. Chimene chinachoka ndi mantha ndi kusunga mangawa.

M'mudzi mwathu munali bambo wina amene anaba mbuzi ya achemwali n'kukaigulitsa ku Zambia. Patapita nthawi anabwerako akudwala, miyendo ili zilonda zokhazokha, ndipo abale ake anamutaya. Achemwali anayamba kupita kukamutsuka zilondazo ndi kumuphikira phala. Amayi otsogolera gulu la amayi lija, munthu wa mawu amphamvu, anapempha achemwali kuti apereke umboni wa kukhululuka pamsonkhano wa Lachinayi.

Achemwali sadziwa kukometsa mawu. Anaimirira n'kunena kuti, "Ine sindinamukhululukire, chifukwa sindikuonapo wolakwa ndi wolakwiridwa. Dzanja lamanzere likapsa, lamanja silidikira kupepesedwa. Iye uja ndi ine, ndipo Mulungu sali kunja kwa ife awiri."

Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utamva kuti achemwali akudzitcha Mulungu. Taonani mmene mawu amapotokera pakamwa pa anthu opemphera! Palibe ngakhale mmodzi amene anabwera kudzawafunsa kuti amatanthauza chiyani.

Akulu a mpingo anawaitana, ndipo ine ndinawaperekeza. Mkulu wina anafunsa nkhope itachita tsinya, "Mayi, kodi mukuti inu ndinu Mulungu?"

"Ayi, abambo. Ine ndine mlimi wa mpiru. Ndikungoti ndafufuza pamene Iye athera ndi pamene ine ndiyambira, malirewo sindikuwapeza."

"Bwezani mawu amenewo."

"Ndikabweza, ndinama. Kodi mukufuna ndiname m'nyumba ino?"

Akuluwo anawauza kuti abweze yunifolomu mpaka atalapa. Ine ndinaimirira n'kuyang'ana akuluwo. Ndinawafunsa kuti, mwa onse amene akhala pamenepa, ndani analowapo m'nyumba ya wodwala uja? Ndani akudziwa fungo la zilonda zake? Anandiuza kuti ndikhale pansi, nkhani si yanga. Achemwali anapita kunyumba, anachapa yunifolomuyo, anaisita bwinobwino, n'kukaipereka okha.

Ngati zimenezo sizinakwane, achimwene athu aakulu anati m'banja mwalowa chiwanda. Ananamiza achemwali kuti akukaonana ndi dokotala ku Boma, ine n'kuwaperekeza, koma minibasi itatitsitsa anatitengera kuseri kwa mashopu, m'chisakasa cha malata momwe mneneri wina ankapemphereramo anthu. Bamboyo anagwira achemwali pamphumi n'kumawakankha uku akukuwa kuti, "Tuluka! Tuluka!" Mayi wamkulu, wa zidzukulu, akumukankha ngati thumba la chimanga pamaso pa anthu osawadziwa. Ndinamugwira mkono bamboyo n'kumuuza kuti akangowakhudzanso aona. Achimwene anandikalipira kuti ndawachititsa manyazi. Iwo, amene ananamiza mlongo wawo, ndiwo ankandiphunzitsa ine za manyazi! Achemwali anangokonza duku lawo n'kumuuza mneneriyo kuti, "Bambo, mwatuluka thukuta kwambiri, imwani madzi."

Wodwala uja anachira pang'ono n'kuyamba kuyenda ndi ndodo. Zimenezo palibe anazitchula.

Mvula itayamba, amuna a amayi otsogolera gulu aja anadwala kwambiri. Kuchipatala anawabweza kuti akadikire kunyumba. Bamboyo ankaopa imfa, ankakuwa, ankakana kutseka maso, ndipo nyimbo za amayi sizinkamukhazika mtima pansi. Tsiku lina masana tikusenda mtedza wobzala, ndinangoona amayi otsogolera aja ataima pafupi ndi nkhokwe, osafika pakhomo.

"Odi. Ndimati mwina mukanabwera kudzakhala nawo pang'ono abambo kwathuku. Iwowo ndi amene akukutchulani."

Ndinawayankha ndine. "Mukufuna wamisala? Mukufuna wa chiwanda uja? Pitani mukaitane akulu anu a mpingo."

Achemwali anasasa makoko pachitenje, n'kunyamuka. "Iwe, tseka chitseko nkhuku zingalowe," anatero, ndipo anatsagana nawo.

Ndinawatsatira, osati chifukwa cha chifundo, koma kuti wina asawanyozenso ine kulibe. Analowa, anakhala pamphasa, anagwira dzanja la wodwalayo. Sanalalikire. Bamboyo anafunsa ndi mawu otsika kuti, "Kodi ndikupita kuti?" Achemwali anati, "Kulibe kumene mungagwere kunja kwa Iye, abambo. Muli momwemo kale. Pumani." Anakhala chomwecho mpaka bamboyo anagona tulo. Achemwali ankapitako tsiku lililonse kufikira pamene bamboyo anamwalira, mwakachetechete.

Pamaliro, amayi a gulu anadzaza m'nyumba ya siwa, oyera mbee, akuimba. Achemwali sanaitanidwe kulowa. Mlaliki anayamika gulu la amayi chifukwa chosamalira malemu mpaka mapeto, ndipo amayi otsogolera aja anangoweramitsa mutu, osatchulako achemwali. Ndinatuluka pakati pa ulaliki. Achemwali ndinawapeza kuseri, pamodzi ndi ophika, akutsuka mbale.

"Mwamva zimene akunena uko?" ndinafunsa. "Inu sizikukupwetekani?"

"Zikupweteka," anayankha. "Ukuganiza kuti ndasanduka mwala? Koma ululuwo ukubwera, ukupita, sukupeza poti ukhale."

"Ine ndakwiya, achemwali. Sindidzawakhululukira anthu amenewa."

"Kwiya, mng'ono wanga, sindikukuletsa. Nawonso mkwiyowo suli kunja kwa Iye. Koma kwiya uku ukutsukuluza mbalezi, alendo ochokera ku Ludzi sanadye."

Ndinatsukuluza mbalezo, misozi ikugwera m'beseni. Kumanda sindinapite.