Tsiku limene ndinasowa khomo la mlongo wanga

Ndinadzuka tambala asanalire, msana utauma gwa chifukwa chogona pasimenti. Tinali titachezera masiku awiri m'nyumba ya mlongo wanga ku Kasanda, amayi m'kati, abambo panja pamoto. Amayi a mpingo anaimba mpaka mawu kusasa, ndiye apa anali atagona ngundangunda, zitenje atafunda kumutu. Kunkazizira, kuzizira kwa mu Julaye kuja kolowa m'mafupa. Ine tulo tinali titathawa chifukwa cha mawu amene malemu anandisiyira.

Mlongo wangayo anali wosula zitini. Ndowa, mbaula, mabafa, zonse zinkatuluka m'manja mwake pakashopu kake ku Katondo. Ali m'chipatala anandigwira dzanja nati, "Popita kumanda mukandidutsitse pashopu. Mukanditsitse pakhomo penipeni, nditsazike." Ndinavomera msanga. Ndinkati n'chapafupi, poti mkazi wake atamwalira ndine ndinkamuperekera chakudya pamalopo masana alionse.

Kutayamba kuyera, amayi anasonkha moto kuseri kwa nyumba nateleka migolo ya tiyi ndi nyemba. Ndinatuluka kukasukusula, ndipo ndinaima kakasi. Maliro a munthu wosula ndowa, koma madzi onse akubwera m'zigubu zachikasu zapulasitiki! Ndinayang'ana uku ndi uku, ndowa yachitini ngakhale imodzi panalibe.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena pansi, ena panjinga, abale a kwathu kum'mawa atatsika basi fumbi lili mbuu. Ine ndinkafunafuna nkhope za anzake a pamzere wa mashopu pamene panali shopu yake. Kale mmisiri akamwalira, anzake onse ankatseka. Kalipentala ankakhoma bokosi, telala n'kusoka nsalu yoyera yoyala m'kati. Ndinafunsa za telala, akuti anatisiya kale. Kalipentala, akuti anabwerera kumudzi mgodi wa kuno utatsekedwa. Za wosoka nsapato palibe anadziwa n'komwe. Bokosi linachita kugulidwa m'tauni, lonyezimira, la kagalasi pankhope.

Wa pamzerepo anafika mmodzi yekha, mayi wachiBemba amene ankakazinga zitumbuwa pakona. ABemba ndi ambuya athu, anzathu osereulana nawo, pamaliro amatiseka mmene afunira. Atangondiona anandipaka ufa kumaso mpaka m'makutu.

Abusa atatha mapemphero a panyumba, anthu anaona nkhope, bokosi n'kukwezedwa m'lole. Abusa anatsogola kumanda. Ine anandikhazika kutsogolo pafupi ndi dalaivala kuti ndilozere njira, mabasi awiri a anamfedwa akutitsatira. Mphepo inali itayamba, ikuulutsa fumbi ndi mapepala.

Ine sukulu sindinapiteko. Katondo ndinkamudziwa ndi mphuno ndi makutu. Ukamva fungo la buledi, ukhote kumanzere. Kenako makina a telala, kenako mtengo wa mango umene wokonza njinga ankapachikamo matayala, ndiye umve nyundo ya mlongo wanga, ngwe, ngwe, ngwe. Koma chitsekereni iye shopu, mawondo anga nawo anakana, sindinapondekonso.

Titalowa mu Katondo ndinatsegula zenera kuti ndinunkhize. Kunalibe buledi. Mtengo kunalibe. Mbali zonse timashopu tamalata topaka utoto wowala, tofanana ngati mazira, ta mafoni, ta mowa, ta obetcha mpira, nyimbo zikusokosera pakhomo lililonse. Zikwangwani mbwee, koma kwa ine chikwangwani n'chiyani?

"Ba mbuya, tiimilile pati?" anafunsa dalaivala.

Ndinati apite patsogolo pang'ono. Tinapita. Ndinati abwerere. Tinazungulira kawiri, mabasi ali pambuyo, nyimbo ya maliro ikuzilala chifukwa oimba anayamba kusuzumira m'mazenera. Thukuta linandituluka kukuzizira choncho. Lole itaima, mwana wa malemu, amene amakhala ku Lusaka, anabwera pazenera.

"Azakhali, abusa akudikira. Tingoima paliponse tipemphere. Atate sadziwa."

"Sudziwa ndiwe," ndinatero. "Anagwira dzanja langa, osati lako."

Ndinatsika. Ndinayenda ndi ndodo yanga, ufa uli kumaso, anthu akundiloza ndi mafoni. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa zovala ngati akudziwa pamene panali telala. Anaseka nati kuno amavala salaula, zovala zakaunjika, telala wa chiyani. Ndinafunsa bambo wina wa imvi, iye nati wabwera chaka chatha. Mbuya wanga uja, mayi wa zitumbuwa, anali pambuyo panga, pakamwa posatseka.

"Imwe a kum'mawa, mbewa zinakudyani nzeru! Munthu kutaya shopu yonse ngati singano?"

"Nanga iwe wodya anyani, pakona pako m'pati?"

Nditacheuka ndinaona akuyang'ana uku ndi uku. Zaka zonse zija anakazinga pamenepo, naye anali atasochera. Apo ndiye mantha anandigwira zenizeni. Ndinaona kuti mlongo wanga apita m'manda ine nditamunamiza.

Ndikubwerera kulole, mwendo unagunda chinthu cholimba, ndikanagwa chafufumimba pakanapanda ndodo. Panali pafupi ndi kashopu kotumizira ndalama pafoni. Mayi wachitsikana wa m'menemo anali atamangirira chingwe cha ambulera yake kuchitsulo chotuluka m'nthaka.

"Pepani ambuya," anatero. "Chinsimbi ichi chimativuta, makasitomala amapunthwapo. Tinayesa kuchizula, chinakana."

Ndinagwada, mawondo omwewa. Ndinapukuta fumbi ndi chitenje. Chinali chidutswa cha njanji, pamwamba posalala ngati mbale, kumapeto kuli kodyeka. Mlongo wanga ankasulira pamenepo. Anachibweretsa amuna anayi, iye n'kuchikwirira ndi simenti pakhomo pake, ndipo podyekapo ndi pamene ankapindira milomo ya ndowa. Mbuya wanga anatola mwala n'kumenyapo. Ngwee!

Masiku awiri onse ndinali ndisanalire bwino. Apo ndinalira mokuwa, mpaka oyenda mumsewu anaima.

Mayi uja anamasula chingwe chake nasuntha mpando. Amuna anatsitsa bokosi nalikhazika pambali pa njanjiyo, mutu kuloza kumene kunali chitseko. Wina anazimitsa nyimbo pashopu yoyandikana, winanso patsidya anazimitsa. Mkulu wa mpingo anapemphera mwachidule, mphepo ikukupiza nsalu ya pabokosi. Tikunyamuka, mayi wa m'kashopu uja anandigwira chitenje nafunsa chapansipansi kuti malemuwo anali ndani. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze zonse, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Mwini wake wa pano."

Kumanda tinafika dzuwa litapendeka. Abusa sanatifunse kanthu. Tinaika, tinathira dothi, nkhata zinaikidwa, anthu anasamba m'manja pachipata cha nyumba nadya, n'kuyamba kubalalika.

Pofika madzulo nyumba inali zii. Mipando inali ikadali panja, phulusa likuuluka pamene panali moto. Ndinakhala pamphasa m'chipinda chochezera, miyendo itatupa. Mwana wa malemu analowa nakhala pansi pafupi nane, akadali mu suti yake. Kenako anati, "Azakhali, pamzere paja panali ndani ndi ndani? Ndiuzeni kuyambira koyamba."

Ndinayamba. Wophika buledi ndinamutchula dzina ndi mudzi wake. Telala ndinamutchula, ndi mkazi wake yemwe. Wokonza njinga ndinamutchula. Nditafika pa wokonza mawotchi, wa kagalasi padiso uja, dzina linandithawa. Nkhope ndikuiona, chipewa chake ndikuchiona, dzina osabwera. Ndinatembenukira kuchitseko cha chipinda cha mlongo wanga kuti ndifunse.

Mwanayo anadikira. Ine ndinangokhala, pakamwa pali yasa.