Kutsitsa madzi a m'dziwe ndi bambo anga

Nyumba yathu ya ku Markham, kutsidya kwa nyanja kumene madzi amaundana m'nyengo yozizira, tinaigula ili kale ndi dziwe losambiramo kuseri, ngakhale pa awirife panalibe wodziwa kusambira. Amuna anga anaikondera galaja, ine khitchini. Dziwelo tinangolipezerapo.

Bambo anga anabwera kudzationa mu Ogasiti chaka chomwecho. Anagwira ntchito ya mapaipi ku Blantyre mpaka imvi, ndipo ngakhale atapuma sankatha kudutsa pa mpopi wodontha osaima. Tsiku lofikalo, asanavule n'komwe jekete, analizungulira dziwelo kawiri, manja ali kumbuyo.

"Madzi onsewa ndi anu?" anandifunsa.

"Ndi athu, bambo."

"Ndiye mumatani nawo?"

"Timaviikamo miyendo."

Anaseka mpaka kutsokomola.

Masamba atayamba kuyoyoka mu Okutobala, inakwana nthawi yotseka dziwelo kuzizira kusanafike. Amuna anga anali ataganiza kale zochita.

"Tingodireyina onse," anatero. "Madzi akaundana amaswa zinthu. Mukakhala mopanda madzi, chiundane n'chiyani?"

Kwa ine zinamveka zanzeru. Koma bambo sakanatsutsana ndi mkamwini pankhomaliro. Anadikira mpaka ndili ndekha kukhitchini.

"Mwanangu, ukawauze akamwini kuti thanki yokumba pansi siisiyidwa yopanda kanthu. Dothi limakankha. Madziwo ndi amene agwira makomawo."

Ndinakanena. Amuna anga anayankha chonong'ona: "Bambo ndimawalemekeza, koma ayezi amene akumudziwa iwo ndi wa mufiriji." Mawu amenewo sindinakawafikitse kwa bambo. Masiku atatu ndinakhala mtumiki pakati pa amuna awiri amene ankapatsana moni mwaulemu m'mawa uliwonse n'kumaonera limodzi mpira.

Loweruka m'mawa amuna anga anatsitsira pampu m'madzi n'kuiyatsa. Bambo anaima pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja, osamwa. Phokoso la pampuyo ndi limene linaitana mayi wa nyumba yoyandikana nafe, mzungu wachikulire wobadwira konkuno, amene dziwe lake ankalitseka yekha chimwalirireni amuna ake. Anasuzumira pampanda n'kufunsa m'Chingerezi kuti tikufuna kutsitsa mpaka pati.

"Mpaka pansi," anatero amuna anga.

"Ayi, ayi! Zimitsani kaye, ndikubwera."

Anabwera atavala nsapato za jombo. Anatiuza kuti dziwe lopanda madzi makoma ake amapindikira mkati nthaka ikaundana, ndipo pulasitiki yoyalidwa mkatimo imakwinyika n'kung'ambika. Ndinayang'ana bambo. Anali akuyang'ana kumwamba, ngati kukudutsa mbalame. Kenaka mayiyo anagwada n'kutionetsa kabowo ka ngodya zinayi ka m'khoma, komwe kamayamwa masamba oyandama, kotchedwa sikima. Anati madzi akasiyidwa odzaza mpaka kulowa mmenemo, ayezi adzakaswa ndithu. Choncho madzi atsike, koma angopitirira kabowoko. Ndipo poti chovundikira dziwe chathu chinali changati ukonde, cholola madzi kudutsa chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chikasungunuka, tinayenera kusiya mpata wokulirapo woti madziwo adzakwere.

"Mpata wake wotani, amayi?" anafunsa bambo m'Chingerezi chawo cha kumishoni.

Mayiyo anatambasula manja kusonyeza, n'kunena kuti akatenge lula kwawo. Bambo anati asavutike. Anandipatsa kapu, n'kupinda malaya, n'kugona chafufumimba pa simenti yozizirayo. Dzanja linalowa m'madzi, ndipo ndinawamva akukoka mpweya ndi mano. Anayeza kuchokera m'munsi mwa kabowo: chikhatho chimodzi, ziwiri, zitatu. Mayiyo anagwedeza mutu kuvomera. Bambo anasunga chala pamalopo mpaka amuna anga atabwera ndi ndodo, imene anaiimika m'madzi n'kuikulunga tepi pa mlingo womwewo.

Pampu inayakanso. Bambo anakoka mpando n'kukhala pambali pa ndodoyo, atavala chikhoti cha amuna anga chowafika m'mawondo ndi chipewa changa chaubweya chofiira. Ndinawauza kuti alowe, tidzawaitana.

"Pampu ilibe maso," anatero.

Anakhala pomwepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chakumasana ndinaona pawindo amuna anga akuwapititsira tiyi wina. Anawapatsa ndi manja awiri, n'kunjuta pambali pawo. Ndinatsegula windo pang'ono, ndivomere.

"Bambo, munanena zoona. Ndikanagwetsa makoma."

"Nanunso munanena zoona, akamwini. Ine ndikanasiya odzaza. Ayezi wanu wakunoyu sindikumudziwa."

Madzi atafika pa tepi, bambo anakuwa ngati wachinya chigoli. Zotsalazo zinali zawo: kuuzira mpweya m'mapaipi kuti musatsale dontho, kutseka mabowo ndi zitsekerero zalabala, kukhuthula pampu yaikulu yosefera madzi a dziwelo. Amuna anga, injiniya wa makompyuta, ankangopereka sipanala akauzidwa. Tinakoka chovundikira tonse anayi, aliyense ngodya yake.

Bambo anabwerera kumudzi mu Novembala, chipale chisanagwe. Mu Febuluwale kunafunda mwadzidzidzi, kunagwa mvula masiku angapo, chipale chonse n'kusungunukira m'dziwe. Nditakweza ngodya ya chovundikira ndinapeza madzi atsala chikhatho chimodzi kufika pa kabowo. Ndinawaimbira foni bambo.

"Chikhatho chako kapena changa?" anafunsa.

"Changa, bambo."

"Ndiye n'chaching'ono. Auze akamwini atsitseko lero, kusanazizirenso. Iwe usayandikire m'mphepete."

Amuna anga anatsitsa madziwo tsiku lomwelo. Koma tisanadule foni ija, bambo anali atapempha kanthu kena: kanema wa ayezi wa m'dziwemo. Anati anzawo a kutchalitchi akuwatsutsa, akuti madzi ochuluka chotero sangaume gwa ngati mwala, bambowa akukokomeza poti akwera ndege.

Kutazizanso sabata yotsatira, amuna anga anagwada pa ngodya n'kugogoda ayeziyo ndi supuni, ine ndikujambula. Phokoso lake linamveka bwino: go, go, go. Tinawatumizira.

Patapita masiku mayi anga anandiimbira kudandaula. Anati bambo akuonetsa kanemayo aliyense, ngakhale mayi wogulitsa tomato pamsewu, ndipo akumauza anthu kuti wa supuniyo ndi wophunzira wawo.