Manda a Iness pa Kalendala ya Kampani

Achimwene anga a Elifala anali munthu wosadziwa kukana. Ku Nachisaka ankadziwika ndi fodya wa chikopa wosankhidwa bwino komanso mawu a besi m'kwaya ya kumpingo. Mphatso ya ana sanaione, ndiye anatenga mwana wanga Reinford ngati wawo, mpaka kugulitsa ng'ombe zapangolo kuti apite kusekondale. Ine Lenia, amene ndinabereka Reinfordyo, ndikunena izi mtima ukundiwawabe.

Alamu anga a Iness atamwalira tinawaika kumanda akwathu, mumsitu muja mosadulidwa ngakhale kamtengo ka mswachi. Pasanathe nthawi esiteti ya fodya inabwera ndi waya waminga, n'kuzinga minda, dambo, manda omwe. Eni ake anali akuluakulu osatchulidwa dzina pagulu. Achimwene anali ataotcha kale njerwa za chiliza cha akazi awo, koma zinangomera ndere pakhonde.

Nthawi imeneyo n'kuti Reinford atalembedwa ntchito kulikulu la kampani yomweyo, yoiyankhulira kuti mbiri yake izimveka yokoma. Tsiku lina mu 1979 anatulukira pagalimoto.

"Atsibweni, ku Lilongwe kuli msonkhano wa anthu a ntchito ngati yanga. Mabwana onse adzakhalapo. Tiyeni mukawapemphe nokha kageti kolowera kumanda."

Achimwene anasangalala ngati mwana. Reinford anawaveka jekete yobwereka, ndipo iwo njira yonse ankangobwereza mawu okanena. Ine ndinapita nawo, choncho izi si za m'maluwa.

Kuhotelako tinapeza azibambo a mataye atadzaza chipinda. Mmawa wonse ankaphunzitsana m'Chingerezi mmene kampani ingadzikondetsere kwa anthu, ndi mmene ingayankhire atolankhani zinthu zikavuta. Achimwene, poti anapondako sukulu ya mishoni, ankandinong'oneza zimene atolapo. Masana inakwana nthawi ya Reinford. Anatseka makatani, makina n'kuponya chithunzi pakhoma. Anali manda athu, ndipo mkuyu wopendama uja ndinauzindikira pomwepo.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

Achimwene anandinong'oneza: "Akuti kampani inasiya nkhalango iyi dala, posamala mitengo. Akuti eni mudzi tabwera kudzathokoza."

Kenako Reinford anatiloza. "Imirirani, atsibweni."

Anaimirira, chipinda chonse n'kuwomba m'manja. Phokoso litatsika, achimwene anayamba ndi mawu awo aja a m'kwaya: "Zikomo mabwana, koma mumsitumo muli..."

Mwana uja anali atafika kale pambali pawo. Anawagwira mkono, mano onse ali pamtunda ngati akuwathandiza, n'kunena chapansipansi: "Khalani pansi. Muno muli makutu. Mukufuna tonse tikathere kundende?"

Masiku amenewo mawu oterowo sanali nthabwala. Achimwene anakhala pansi. Bwana wamkulu anadzawagwira chanza pa nthawi ya tiyi, wojambula n'kuthwanimitsa kamera, basi nkhani yatha.

Panja ndinalephera kupirira. "Iwe Reinford, unayamwa bere langa lomweli? Unadziwa kuti sudzawalola kuyankhula. Mayi amene ankakuphikira phala popita kusukulu, lero wawasandutsa mitengo ya kampani?"

"Amayi, simungamvetse. Ndi ntchito."

Ntchito! Kulera mwana wa nkhanga kumeneku. Anawavula jekete ija, n'kutikweza basi. Njira yonse mpaka ku Dowa, ndinalakalaka achimwene akanatukwana, koma iwo ankangoyang'ana manja awo.

Chaka chitatha, Reinford anatumiza kalendala ya kampani. Pamwamba pake panali msitu uja, pakona pali kachithunzi ka achimwene akugwirana chanza ndi bwana. Ine ndinafuna kukolezera moto, koma iwo anandilanda. Anadula kachithunzi kawoko ndi lezala n'kutaya, chotsalacho n'kukhoma pamwamba pa bedi.

Kukwaya sanasiye, fodya ankalimabe, koma dzina la Reinford silinatulukenso pakamwa pawo. Kalendala ija inakhala pakhomapo mpaka kuda ndi utsi. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankaipukuta ndi kansalu, n'kuika chala pansi pa mkuyu uja.

"Iness ali apa," ankatero.

Kageti sikanatsegulidwe. Achimwene atamwalira tinawaika kumanda atsopano a m'mbali mwa msewu, pamtetete popanda mthunzi. Chiliza chawo tinamanga ndi njerwa zija anaotchera akazi awo.