Zigamba za Sukulu ya Kumunsi

Mukafuna kudziwa sukulu yabwino m'dera lino, musavutike n'kufunsa aphunzitsi, akunamizani. Kafunseni atelala a pakhonde la golosale, mayi wamfupi uja amene tepi sichoka m'khosi mwake. Zaka khumi ndi zisanu akhala akusoka mayunifomu a sukulu ziwiri za boma, ya kumtunda ndi ya kumunsi.

"Yunifomu ya kumtunda imatha m'zigongono," amatero, singano ili pakamwa. "Ana amatsamira padesiki, akulemba. Ya kumunsi imatha kumatako. Ana zana n'kanthu m'kalasi imodzi, kukhwekhwereza pasimenti tsiku lonse."

Amadziwa bwino, poti iwonso anakhwekhwereza pomwepo mpaka Sitandade 3. Manambala a patepi amawadziwa, koma zilembo zinawakana. Tsono mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana wa Sitandade 5, anali kumunsi komweko. Diresi lake anali ataliika chigamba katatu, ndipo chigamba chilichonse chinkawaswa mtima.

Ndiye anayamba kuyendera malo kumtunda. Lolemba lililonse kwa miyezi iwiri, kuvindikira mashini, ulendo ku ofesi ya ahedi. Kudikira pabenchi, kugwada, kupepesa ngati munthu wolakwa. Diresi lobiriwira la kumtunda anasokeratu n'kulipachika pamsomali.

Tsiku lina mlonda wa sukuluyo anabweretsa kalata. Pakhonde panali makasitomala atatu. Munthu wamkulu ngati iwo n'kumati ndiwerengereni? Aaa, manyazi ake! Anadikira kuti mwana aweruke.

"Tawerenga apa, iwe. Akuti chiyani ahedi?"

Mtsikanayo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, chala chikuyenda pamzere, milomo ikugwedera.

"Akuti malo kulibe, amayi."

Atelala sanalire. Anangoti chabwino, n'kubwerera pamashini. Poti kuseri kwa kalatayo kunali koyera, anayamba kulembako miyezo ya makasitomala.

Patatha masabata atatu, namwino wina anabwera kudzayesa siketi. Pofuna kuona ngati chiuno chake anachilemba bwino, anatola pepala lija n'kulitembenuza.

"Eee, mwayi wanu amayi! Mwana wayamba kale kumtunda?"

"Anatikana."

"Anakukanani bwanji? Apa akuti malo apezeka, mubwere naye sabata isanathe, apo ayi apatsa wina."

Atelala anathamanga osavala nsapato, mmene amapondera mashini muja, tepi ikukupiza m'khosi. Ahedi anangopukusa mutu.

"Tinakudikirani, mayi. Padesikipo pakhala kale wina, ndipo odikira ndi ambiri."

Pobwerera anapeza mwana ataweruka, atakhala pansi pafupi ndi mashini. Ndi mkwiyo, anakweza dzanja kuti amumenye.

"Iwe, unandinamiziranji? Ukudziwa mmene ndagwadira ine?"

"Ndinangozindikirapo dzina langa lokha, amayi," anatero mwanayo, maso ali pansi. "Ndinaopa kuti mudziwa zoti sinditha kuwerenga."

Dzanja limene anali atakweza linatsika lokha. Akanamumenyeranji, pomwe iwo eni ake anabisa kalata yomweyo kwa anthu atatu chifukwa cha manyazi omwewo? Zaka zisanu akumuchapira, akumuperekeza, osadziwa kuti mwana wawo ali ngati iwo.

Mwanayo anaimirira kuti akamwe madzi, ndipo atelala anaona kumbuyo kwake. Anayang'ana diresi lobiriwira pamsomali, kenako anakoka thumba la zidutswa za nsalu.

"Kavule diresilo ubwere nalo," anatero. "Labookanso."