Mpando Wopanda Msomali

Mwana wanga wamkazi atandiuza kuti akufuna kukaphunzira zopanga mipando ku yunivesite ya ku Coventry, ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ine mayi ake ndinasiya kwathu kudzagwira unesi ku Birmingham kuno, mashifiti otupitsa miyendo, kuti iyeyo adzakhale kalipentala? Iye ankati si ukalipentala, ndi design. Ine ndinkati ukalipentala wovala jekete basi. Ndinamusiya apite, koma mtima wanga sunavomere.

M'chaka chake chomaliza, bambo ake anadwala sitiroko. Anachira ndithu, koma mwendo wamanzere unatsala wolemera, moti kuvala nsapato kunasanduka nkhondo. Nyumba yathu ya ku West Bromwich ili ndi kakolido kopanikiza polowera, ndiye ankatsamira khoma n'kumalimbana ndi nsapatoyo, thukuta kamukamu, osalola munthu kuwagwira. Abambo a kwathu mukuwadziwa.

Loweruka lina mtsikanayu anatulukira atanyamula kampando. Anati ku Japan ena amaika kampando kotere pakhomo kuti munthu azikhalapo povala nsapato, ndipo iye anakapanga atayeza mwendo wa bambo ake. Kanalinso ka mayeso ake omaliza, aphunzitsi adzakaone katagwira ntchito miyezi ingapo. Ndisaname, kanali kokongola, kosalala ngati tsaya la khanda, mbali imodzi kali ndi pogwira podzuka. Ndinakatembenuza. Msomali palibe. Ndinanunkhiza, ngakhale guluu palibe.

"Nanga chagwira n'chiyani apa?" ndinafunsa.

Anandiyankha m'Chingerezi, monga achitira ana obadwira kuno. Akuti amasema mano m'matabwamo, lina n'kulowa mwa linzake, ndipo munthu akakhalapo kulemera kwakeko ndiye kumalimbitsa. Akuti amisiri a ku Japan amamanga motero ngakhale nyumba zikuluzikulu.

"Ku Japanko kuli anthu a thupi ngati bambo akowa?"

Bambo ake anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

Ndimagwira ntchito ku wodi ya mafupa. Ndaona okalamba atathyoka chiuno pogwa kuchokera pakanthu kakafupi kuposa pamenepo, ena osabwereranso kunyumba kwawo. Ndiye wina azindiuza za matabwa ogwirana okha? Ndinkaona kuti aphunzitsiwo akungowapusitsa anawa ndi zokongola za pa intaneti. Bambo akamavala nsapato ndinkaima kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, khutu tcheru. Tsiku lina kampandoko kanalira pang'ono, mtima wanga unangoti phwii.

"Mayi, mpandowu usiyeni, uli bwinobwino," anatero bambo. "Ndikudzuka ndekha tsopano, simukuona?"

Ndinkaona, koma ndinkati akungomukometsera mwana wawo.

Tsiku lina ndili pa ofu, bambo atapita kochita mafizo, ndinapita kusitolo ya zitsulo n'kugula misomali. Ndinakagoneka kampandoko chagada, n'kukhomera iwiriiwiri pa mwendo uliwonse, chapansi posaoneka. Thabwalo linali louma gwa, misomali ina inapindika, koma ine ndi hamala tinamvana. Nditamaliza ndinamwa tiyi mtima uli m'malo. Sindinauze munthu. Paja amati safunsa anadya phula.

Chisanu chinafika, tinayatsa mahita. Lamulungu lina m'mawa tikukonzekera kutchalitchi, bambo anakhala pakampando paja, ine ndinangomva phwaa! Mwendo umodzi wa kampandoko unang'ambika kutsata pomwe panalowa misomali. Anagwera chammbali, phewa kumenya khoma. Ndinawapima ndekha. Mulungu ndi wamkulu, sanathyoke pena paliponse. Ndipo mukudziwa zimene zinatuluka pakamwa panga?

"Sindinanene ine?"

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimachita manyazi. Ndinatola zidutswazo msangamsanga n'kukazibisa m'kashedi kuseri.

Mtsikana uja anafika masana omwewo bambo ake atamuimbira foni. Sanavule n'komwe jekete. Anagwada pamaso pawo akulira, akungoti sole Dadi, sole. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndinkanena zoona kuyambira kale, iye alibe luso, akanapha bambo ake. Anati sabwererakonso ku Coventry, ndimufunsire za maphunziro a unesi.

Abale inu, zaka zitatu ndinali ndikudikira mawu amenewo. Anali atabwera okha, ine chongofunika kutseka pakamwa basi. Ndinalowa kukhitchini, ndinatsuka makapu oyera kale. Ndinkamumva akufwenthera pabalaza, bambo ake akumutonthoza kuti mwina iwowo ndi amene anakhala molakwika. Apo ndiye zinandikanika. Munthu wodwala azisenza mlandu wanga?

Ndinapita kushedi, ndinatenga zidutswa zija n'kudzaziika patebulo, mitu ya misomali ikuyang'ana kumwamba.

"Ndinakhoma ndine," ndinatero. "Ndimaopa."

Bambo anagwira pakamwa. Mtsikanayu anatenga mwendo wong'ambikawo, n'kumausisita ndi chala. Misozi inali itauma. Anayankhula motsitsa mawu, ngati akufotokozera wodwala. Anati thabwa limafufuma kukakhala chinyezi, n'kufota hita ikayaka, ndipo iye anasema manowo kuti lizitha kusuntha pang'ono. Misomali yanga inaligwira kuti lisasunthe, ndiye linang'ambika.

Ndinayamba kudziteteza kuti ndine nesi, ndaona zambiri, aliyense akanakayikira. Anandilola ndimalize.

"Mami, miyezi inayi kali pakhomo apa. Munakhalapo ngakhale kamodzi kuti mumve ngati kakugwedera?"

Ndinali nditakanunkhiza, kukamvetsera kuseri kwa chitseko, mpaka kukakhoma ndi hamala. Koma kukhalapo, ayi, sindinakhalepo.