Ng'ombe Yakuda ndi Hatchi Yoyera

Mpaka lero ndikamva kugunda kwa ziboda kuchokera m'mashopu obetchera, sindiyandikirako. Ndimawoloka msewu, ngakhale kutsidyako kukhale dzuwa lokhalokha. Anzanga amandiseka, amati ndimathawa TV. Asiyeni aseke, ng'ombe sinali yawo.

Atate anabwera kudzakhala kwanga kutauni, ku komboni ya Nabvutika, m'nyengo yotentha, chaka chomwe ng'ala inawaphimba maso. Akuchipatala anawauza kuti adikire tsiku la opaleshoni, ndiye ndinati m'malo movutika ndi maminibasi kuchokera kumudzi kwathu ku Madzimoyo, akhale ndi ine. Amayi anatsala akuyang'anira khola.

M'kholamo munali ng'ombe ziwiri zapagoli basi, yofiira ndi yakuda. Chimanga, thonje, mtedza, zonse zimene tinakulira zinkatuluka pakhosi pa ng'ombe ngati zimenezo. Yofiira inkaima kumanzere kwa goli, yakuda kumanja, ndipo ukazisinthanitsa zinkangoima njii, ngakhale uzikalipire bwanji. Atate anaziphunzitsa okha kuyambira zili zazing'ono. Aliyense wolima amadziwa kuti ng'ombe imodzi siikoka pulawo.

Komanso atate anali ndi diso la ng'ombe. Munthu akafuna kugula yapagoli, ankabwera kudzawatenga pa njinga, ena kuchokera ku Mtenguleni komwe. Ankayang'ana chifuwa, mawondo akumbuyo, kapondedwe, kenako n'kunena mawu awiri, nkhani yatha. Maso atayamba kuchita chifunga, njinga zija zinasiya kubwera. Amayi ankati atate ankangokhala pafupi ndi khola masana onse, nkhope ataloza kunjira.

Ine ndimagulitsa salaula, zovala zakaunjika, kumsika. Atate ankanditsatira m'mawa, n'kukhala pa benchi kuseri kwa tebulo langa, manja ali pandodo. Pafupi pomwepo panali kashopu kobetchera, kodzaza ndi anyamata kuyambira m'mawa. M'kati munali ma TV pakhoma, ndipo ina inkaonetsa mahatchi akuthamanga, mpikisano ukatha wina n'kuyamba, tsiku lonse. Sanali mahatchi enieni. Zinali zithunzi zopangidwa ndi kompyuta, ndipo makina ndiwo ankasankha yopambana. Ngakhale ana asukulu ankadziwa zimenezo.

Tsiku lina ndinatembenuka n'kupeza benchi ili yokha. Anabwerako kukashopu kaja nkhope ikuwala.

"Mwanawe, ndaona nyama zomangidwa bwino. Chifuwa chake! Ng'ombe itakhala ndi chifuwa chotero, dzuwa lisanafike pamutu munda watha."

Ndinaseka. "Atate, zija n'zidole za pa kompyuta."

"Zidole zimathamanga?" anatero, n'kupukusa mutu ngati ine ndiye wosazindikira.

Poyamba sankabetcha. Ankangoima pafupi ndi TV ija, mphuno pang'ono kugunda galasi, n'kuloza ndi ndodo kuti iyi ndiye ipambane. Mwa tsoka lathu, analoza molondola kangapo. Basi anyamata aja anawanyamula ndi pakamwa. "Amadala abwera! Apatseni mpando amadala! Tiuzeni, lero ndi iti?" Ndinkawamva ndili pa tebulo langa, ndipo ndinkapsa mtima, chifukwa theka la mawuwo linali chipongwe. Koma atate ankatuluka m'menemo atawongoka msana. Panali patapita nthawi yaitali chifunsidwire za nyama.

Kenako anayamba kuponyako timakobiri ta fodya, ndipo anakondana ndi hatchi imodzi, yoyera, yamiyendo yaitali. Madzulo tikamabwerera kunyumba inali nkhani yomweyo. Ankati hatchi imeneyo ilibe inzake, koma eni ake ndi ankhanza. Amaithamangitsa kuyambira m'mawa mpaka shopu kutseka, osaimwetsa madzi, osaipumitsa, n'chifukwa chake imathera pachiwiri kapena pachitatu.

"Ng'ombe ukailimitsa masana onse, mawa imakugonera mu mzere. Imeneija itangopuma masiku awiri, palibe angaione fumbi."

Ndinayesa kufotokoza mwaulemu, ndinayesa mwanthabwala, tsiku lina ndinachita kukalipa mpaka aneba kusuzumira. Ankangondiyang'ana mondimvera chisoni. Nanga mwana wogulitsa masiketi angawauze chiyani za nyama?

M'masiku omwewo TV ija inkalengeza mpikisano waukulu wachikho. Inkaonetsa mahatchi amphamvu imodzi imodzi, ili ndi nambala yake, ikutembenuka pang'onopang'ono kuti anthu aione bwino. Anyamata ankakangana mpaka kutuluka thovu. Ena ankati yakuda yokhala ndi banga pamphumi, ena ankati yofiirira yomwe inkachokera kumbuyo n'kudutsa zinzake kumapeto. Yoyera ija inali m'gulumo, koma palibe ankaitchula, ndipo mphotho yake inali yonenepa. Atate ankangomwetulira.

Ndiye thiransifoma ya kumsika inapsa. Malaiti anapita, kashopu kaja kanalibe jenereta, kanatseka. Ine ndinati Mulungu wamva. Atate anaima pakhomo lotsekalo kanthawi, kenako anandiuza kuti akufuna akaone amayi ndi khola. Ndinawakweza minibasi ndekha, ndili wokondwa. Kalanga ine!

M'mawa womwe malaiti anabwerera, foni inalira ndikupachika madiresi. Anali amayi.

"Atate ako agulitsa yakuda."

"Mwati chiyani?"

"Agulitsa kwa wabutchala uja wakhala akuinyengerera. Ndalama alandira, akwera minibasi ya m'mawa. Akuti hatchi yapuma tsopano. Hatchi yake iti, mwanawe? Ndamugwira mwendo wabutchalayo, wati zikabwerera ndalama zake lole yodzaitenga isanafike madzulo, ng'ombe aisiya. Thamanga!"

Ndinasiya katundu ali mbwee, osauza ngakhale mnzanga wa tebulo loyandikana. Ndinawapeza ali kale pamzere, atavala jekete lawo la kutchalitchi, dzanja lili m'thumba lam'kati. Shopu inali yodzaza, kukutentha, kukununkha thukuta.

"Atate, tiyeni panja tikalankhule."

"Ndikubwera, mpikisano uli pafupi."

"Atate, amayi akulira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, si inu munkatiuza zimenezo? Mvula ili pafupi, mudzalima ndi chiyani?"

"Ndidzagula ziwiri, zazing'ono bwino. Ndi ngolo yatsopano. Amayi ako asiye kusenza chimanga pamutu."

Ndinatembenukira kwa mtsikana wa pakauntala. "Iwe, auze! Auze kuti zimenezi si nyama!" Anayang'ana pansi, n'kunena kuti iye amangolandira, sakaniza munthu wamkulu. Ndinamutukwana, sindibisa, ndipo akanakhala kunja kwa waya wotchinga kauntalayo sindikudziwa.

Anyamata anayamba kuseka. Wina anati, "Amadala, kodi amakulamulirani ndi mwana?" Ndinaona khosi la atate likuuma. Ananditembenukira, n'kufunsa mokweza kuti aliyense amve.

"Iwe ndi ine, wodziwa nyama ndani?"

Ndikanatha kuwalanda. Anali okalamba, ine ndimanyamula mabelo. Koma mwana wamkazi sapisa dzanja m'thumba la atate ake, makamaka pagulu. Dzanja langa linakana. Chomwe ndinatha n'kugwada. Ndinagwada pansi pomwepo, pa matikiti ong'ambika ndi makoko a nzimbe, n'kuwagwira mwendo wa thalauza.

"Ndinu, atate. Wodziwa nyama ndinu. Koma ndikukupemphani."

Kuseka kunatha. Atate anandiyang'ana, ndipo ndinaganiza kuti ndawapeza. Pomwepo belu la pa TV linalira. Anachotsa mwendo wawo pang'onopang'ono, osati mwankhanza, n'kupereka mpukutu wonse pawindo.

Mpikisanowo sunatenge nthawi yomwera kapu ya madzi. Yoyera inatsogola poyamba, atate akuiyitana ndi kamluzu komwe ankayitanira yakuda. Pokhota zinaidutsa ziwiri, kenako ina. Inafika yachinayi. Ndisanadzuke n'komwe, inali itaima kale pamzere wa mpikisano wotsatira, youma, yoyera mbee.

Atate anati, "Aipumitsa moperewera." Koma mawuwo anatuluka opanda mwini.

Ndinaimbira amayi tili panja. Sanalire. Anangoti lole ikafika adzapita kudimba, kuti asaone. Kunyumba sindinawalankhule atate masiku angapo. Ndinkawaikira chakudya n'kutuluka. Ndinali ndi mkwiyo woti ukhoza kuphika nyemba, komanso ndinkawamvera chisoni, ndipo ziwirizo zinkandilanda tulo.

Tsiku la opaleshoni linafika. Atawamasula bandeji anaseka ngati mwana, akuwerenga zikwangwani zonse za m'njira, akundiuza kuti ndili ndi imvi. Titafika pamsika anaima.

"Ndiperekeze ndikaione yoyera ija."

Ndinafuna kukana, koma m'thumba mwawo munalibe kanthu. Sanalowe. Anaima pakhomo, dzanja litaphimba diso losachitidwa opaleshoni, n'kuyang'ana ndi latsopanolo. Mpikisano unatha, wina unayamba, iwo ali chiimire. Mnyamata wina anafuula kuti amadala abwera, koma sanatembenuke.

"Siziponda pansi," anatero motsitsa. "Taona, udzu sukugona. Palibe ndi phazi lomwe. Ndipo zonse zikuponya miyendo mofanana."

Ndinawagwira mkono, n'kubwerera nawo kunyumba.

Mvula yoyamba itagwa ndinawaperekeza kumudzi. Minda ya anthu inali itayamba kale kuda ndi mizere, kulikonse kukumveka anthu akukuwira ng'ombe. Wathu unali chigonere. Mnansi analonjeza kutibwereka yake akamaliza kwake ndi kwa apongozi ake, ndipo tonse tinkadziwa kuti pofika nthawiyo chimanga cha ena chidzakhala m'mawondo. Amayi anali atayamba kale ndi khasu, kuchokera kumalire, kamzere kamodzi kamodzi.

M'mawa mwake atate anatsegula khola kuti yofiira ikadye. Siinapite kudambo. Inayenda molunjika pansi pa mtengo pomwe pankakhala goli, n'kuima kumanzere kwake, n'kuweramitsa khosi monga mwa masiku onse a mvula. Inadikira. Inatembenuza mutu kuyang'ana kumanja, n'kulira kamodzi.

Atate anaiyang'ana nthawi yaitali, ndi diso lija loona zonse bwinobwino. Kenako anati, osandiyang'ana, "Diso ili akanangolisiya, mwanawe."

Anatenga khasu lomwe linali chotsamira pankhokwe, n'kutsatira amayi kumunda.